Mafunso a Owerenga: Kodi njinga yamoto yosintha yokha magiya ingandithandize pa ulendo wa tsiku ndi tsiku?

FUNSO: A Mkonzi, ine ndimakhala ku Midrand ndipo ndimagwira ntchito m'katikati mwa mzinda wa Johannesburg. M'mawa ndi madzulo ndimayenda pa njinga yamoto mumsewu wa N1 ndi M1, momwe magalimoto amathithikana kotero kuti munthu umangoima, kusuntha pang'ono n'kuimanso, mpaka dzanja lamanzere limachita dzanzi chifukwa chofinya klachi. Njinga yomwe ndili nayo ndi yaing'ono ndipo yatopa, tsono ndasunga kangachepe kuti ndigule yapakatikati, ya 650cc mpaka 750cc. Ogulitsa andionetsa Honda NC750X mitundu iwiri, ina yosintha magiya ndi phazi ndipo ina yosintha yokha, yomwe akuitchula kuti DCT. Anzanga akuti yachiwiriyo ndi ya anthu osadziwa kukwera njinga, ndiponso kuti ikadzawonongeka palibe amene adzaikonze. Ndimalakalakanso tsiku lina kudzapita nayo kwathu ku Ntcheu. Kodi ndigule iti? Ndine wowerenga wanu wa ku Midrand.

YANKHO: Bambo, ngati njingayo idzathera moyo wake pakati pa Midrand ndi Johannesburg, ine ndingakulangizeni kuti mugule ya DCT ndipo musadandaule ndi zonena za anzanuwo. Koma ngati cholinga chenicheni ndi choti ikakhazikike ku Ntcheu, yankho langa likusintha, ndipo zifukwa zake ndifotokoza kutsogoloku.

Tiyambe ndi zomwe zili m'kati, chifukwa anthu ambiri akamva za njinga ya otomatiki amaganiza za sikuta. Sikuta imayendera lamba amene amakwera ndi kutsika pakati pa mapule awiri, ndipo ilibe magiya owerengeka. NC750X ya DCT ili ndi magiya enieni asanu ndi limodzi, achitsulo, olumana mano monga a njinga ina iliyonse, ndipo mphamvu imafika ku tayala lakumbuyo kudzera pa tcheni. Chosiyana n'chakuti ili ndi maklachi awiri, ina yoyang'anira giya 1, 3 ndi 5, inayo yoyang'anira giya 2, 4 ndi 6. Pamene mukuyenda mu giya yachitatu, yachinayi imakhala italowetsedwa kale kumbali inayo, ikungodikira kuti klachi yake igwire. Zimakhala ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, woyamba akamakweza munsi mnzake amakhala akutsitsa wake, kotero kuti ntchito siidukiza. N'chifukwa chake giya ikasintha simumva kugwedezeka kuja kumene kumachititsa kuti chisoti cha amene mwamunyamula chigunde chanu. Amene amalamula zonsezi ndi kompyuta yaing'ono yomwe imaona liwiro la njinga, kazunguliridwe ka injini ndi mmene mwapotokolera chogwirira cha moto. Kamota kamagetsi ndiko kamasuntha magiya, pamene mphamvu ya oyilo wopopedwa ndiyo imatseka ndi kutsegula maklachi aja.

Makinawa si achilendo ayi. Kampani ya Honda inawaika koyamba pa njinga ya VFR1200F mu 2010, kenako mu 2012 anafika pa njinga za mtundu wa NC700, zomwe injini yake inakulitsidwa kukhala ya 745cc mu 2014. Africa Twin inawalandira mu 2016 ndipo Gold Wing mu 2018, moti ku Ulaya kokha njinga zokhala ndi DCT zomwe zagulidwa zaposa 200,000. Mwina kunyoza kwa anzanu kuli ndi kochokera, chifukwa njinga za otomatiki zakale sizinali zokoma kukwera. CB750A Hondamatic ya mu 1976 inali ndi magiya awiri okha, inali yaulesi ponyamuka, ndipo pofika 1978 anasiya kuipanga. Mbiri yotereyi imachedwa kufufutika ngakhale makina atasintha kotheratu.

Pa ulendo wanuwo phindu lalikulu lili pamene mwadandaulapo. Kumanzere kulibe chofinyira klachi ndipo kuphazi kulibe chopondera giya. Mukaliza injini mumadina batani la kumanja kuchoka pa N, pomwe njinga siili mu giya, kupita pa D, pomwe imayenda ikusintha yokha magiya, n'kupereka moto, basi. Mukaima pa maloboti njinga imatsika yokha mpaka giya yoyamba ndipo injini siizima, ngakhale ponyamuka pachitunda mutanyamula munthu. Ine ndimaona kuti kupuma kwa dzanja ndi phindu laling'ono poyerekeza ndi kupuma kwa maganizo. Munthu amene akudutsa pakati pa mizere ya magalimoto m'mawa ali ndi zambiri zoti aziyang'ana, monga minibasi yomwe ingakhote mwadzidzidzi, chitseko chomwe chingatseguke, ndi wapansi wotulukira kuseri kwa lole, ndipo ngati nkhani ya magiya yachoka m'mutu mwake, maso ndi nzeru zonse zimakhala pamsewu.

Komanso simulandidwa ulamuliro wonse monga anzanuwo akuganizira. Pa chogwirira chamanzere pali mabatani awiri, lina lokweza giya ndi lina lotsitsa, ndipo mukhoza kuwadina nthawi ina iliyonse, mwachitsanzo pofuna kupitirira lole, kenako kompyuta imayambiranso ntchito yake yokha. Mukafuna kuti isalowererepo, mumaika pa manyuwo n'kumasintha nokha ndi zala. Chimene okwera ambiri amadandaula nacho n'chakuti pa D njingayi imathamangira kukweza magiya pofuna kusunga mafuta, moti mumapezeka muli mu giya yapamwamba pa liwiro lochepa, injini ikugunda mwaulesi. Pa njinga zakale mankhwala ake ndi kuika pa S, kutanthauza Sport, pomwe giya iliyonse imakhalitsa, ndipo pa zomwe zinatuluka kuyambira 2021 mumasankha pakati pa Standard, Sport, Rain ndi User, ndipo kasinthidwe ka magiya kamatsatira chomwe mwasankhacho. Pa nkhani ya mafuta, Honda imati njingayi imayenda makilomita pafupifupi 28 pa lita imodzi, ndipo popeza thanki yake ya malita 14.1 ili pansi pa mpando, pamalo pomwe njinga zina pamakhala thanki pali bokosi la malita 23 lomwe zisoti zambiri zimakwanamo. Kwa munthu wopita ku ntchito, bokosi limeneli n'lothandiza mofanana ndi DCT yomweyo.

Tsopano tinene zomwe mutaye, pakuti ogulitsa sakonda kuzitchula. Klachi ya dzanja ntchito yake si kusintha magiya kokha. Wokwera wodziwa amaigwiritsa ntchito poyeza mphamvu yopita ku tayala pamene akuyenda pang'onopang'ono zedi, monga potembenuka pamalo opanikiza, pokwera kachitunda ka pageti kapena podutsa pamchenga. Pa DCT chida chimenechi palibe, ndipo pa liwiro la munthu woyenda pansi njinga imatha kumakankha ndi kuleka mosayembekezereka ngati dzanja lanu la moto silinakhazikike. Njira yake ndi kupereka moto pang'ono mosasintha kwinaku mukuponda buleki yakumbuyo mopepuka, kuti phazi lamanja lizigwira ntchito yomwe dzanja lamanzere linkagwira. Zimenezi zimaphunzirika, koma musakaphunzirire mu M1 nthawi ya m'mawa. Pezani bwalo lopanda magalimoto Lamlungu masana, muzizungulira mokhota uku ndi uku mpaka thupi lizolowere. Dziwaninso kuti ya DCT ndi yolemerako, pakuti ya 2021 imalemera makilogalamu 224 pamene inzake imalemera 214, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo.

Pali zizolowezi ziwiri zomwe muyenera kusiya tsiku loyamba lomwelo. Choyamba ndi kuliritsa injini mutaima pa maloboti. Pa njinga yanu yakale mumachita zimenezi klachi mutaifinya ndipo palibe chimachitika, koma pa DCT yomwe ili pa D, kupotokola moto ndi lamulo loti inyamuke, ndipo inyamukadi kukagunda galimoto yakutsogolo. N'chimodzimodzinso poikankha pamalo oimika magalimoto kapena mwana akafika pafupi ndi chogwirira, choncho ikani pa N kapena muzimitse injini. Chachiwiri ndi kuisiya mu giya poimika pamalo otsetsereka. Injini ikazima njingayi imabwerera pa N ndipo matayala amakhala omasuka, n'chifukwa chake anaikapo buleki yoimikira yomwe chokokera chake chili kumanzere. Mukaiiwala mukhoza kuipeza njinga yagona pansi, ndipo mukaiwala kuimasula ponyamuka mupsereza mapadi ake.

Nanga za kuwonongeka? Apa anzanu akunena zoona pang'ono ndi zabodza pang'ono. DCT ili ndi mbiri yolimba, ndipo maklachi ake sapsa msanga chifukwa kompyuta siichita nkhanza zomwe dzanja la munthu wotopa limachita. Pa sevisi chowonjezera ndi kafyuluta kachiwiri ka oyilo wopita ku maklachi, komwe kamasinthidwa pa nthawi yolembedwa m'buku la njingayo. Koma makinawa amadalira zinthu ziwiri kuposa njinga wamba, zomwe ndi batire ndi oyilo. Batire likafooka simungailize pokankha, chifukwa popanda injini kulira palibe mphamvu ya oyilo yotsekera klachi, ndipo magetsi ochepa amasokonezanso kamota kosuntha magiya kaja. Oyilo ayenera kukhala wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA, ndipo Honda imalangiza wa 10W-30. Oyilo wa galimoto amakhala ndi mankhwala oterera omwe amachititsa klachi kuphonya. Mukaona kamzere kakuthwanima pamalo pomwe pamaoneka nambala ya giya, dziwani kuti kompyuta yapeza vuto, ndipo amene angalidziwe bwino ndi makaniko wokhala ndi makina owerengera kompyutayo. Ku Gauteng, chigawo chomwe kuli Midrand ndi Johannesburg, anthu otere alipo, choncho mantha a anzanuwo kumeneko alibe maziko.

Ku Ntcheu ndiye nkhani ndi ina. Ulendo wokha, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza, njingayi ingathe kuuyenda bwinobwino ngati mwaipititsa ku sevisi musananyamuke, batire lili latsopano ndipo tcheni mukuchisamala. Papepala thanki imodzi ingakufikitseni pafupi ndi makilomita 400, koma mutasenza katundu ndi kuthamanga, ndi bwino kumathira mafuta musanakwanitse makilomita 300. Vuto limabwera njinga ikakhazikika kumudzi. Amakaniko athu a m'misika ndi aluso kwambiri pa Lifo, Boxer ndi zinzake za kabaza, ndipo chingwe cha klachi chikaduka amachilumikiza pomwepo, koma sensa ya DCT ikafa luso lawolo lilibe pogwira, ndipo njinga idzakhala pakhonde kudikira kachitsulo kochokera ku South Africa kapena ku Japan. Chilembo X cha pa dzina lake chisakunamizeninso kuti ndi njinga ya m'tchire. Matayala ake ndi a mainchesi 17 ndipo ya 2021 mimba yake ili mamilimita 145 okha kuchokera pansi, kotero kuti mumsewu wokumbika ndi mvula mudzaigunditsa pa miyala, pamalo pomwenso mudzaisowe klachi ya dzanja ija. Ngati mukupita kukaona makolo pa Khirisimasi n'kubwerera, pitani nayo. Ngati mukuigula kuti mudzapume nayo ntchito kumudzi, tengani ya magiya a phazi.

Musanapereke ndalama, yang'ananinso njira zina ziwiri zomwe zilipo pa njinga za msinkhu womwewu. Mu 2024 Honda inatulutsa E-Clutch pa CB650R ndi CBR650R. Imeneyi si otomatiki kwenikweni, chifukwa magiya mumasinthabe ndi phazi, koma timamota timafinya ndi kumasula klachi m'malo mwanu ponyamuka, posintha giya ndi poima. Chofinyira chilipobe ndipo mukachigwira chimagwira ntchito mwa masiku onse, ndiponso makinawa amangowonjezera makilogalamu pafupifupi awiri. Popeza dandaulo lanu lalikulu ndi dzanja, imeneyi ingakukwanireni, ngakhale injini yake ya masilinda anayi imamwa mafuta kuposa ya NC750X ndipo bokosi lija palibe. Nayo Yamaha ili ndi Y-AMT, yomwe inayambira pa MT-09 mu 2024 n'kufika pa MT-07 ya 689cc mu 2025. Iyi ili ndi klachi imodzi yokha ndi magiya wamba, zomwe zimasunthidwa ndi mamota awiri, ndipo imawonjezera makilogalamu 2.8. Imasintha yokha kapena ndi chala, koma popeza klachi ndi imodzi, mphamvu imadukiza kamphindi giya ikamalowa, ndipo pa ulendo woima n'kunyamuka DCT ndiyo yosalala. Pemphani ogulitsa akuloleni kuyesa iliyonse yomwe ali nayo, ndipo poyesapo musathamangire msewu waukulu, pomwe njinga zonse zimakoma, koma muikhotetse pang'onopang'ono pabwalo lawolo.

FUNSO: Zikomo A Mkonzi. Ine ndi mayi wogwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ndipo ndimayendera sikuta ya 125cc pa chiphaso cha ophunzira kukwera njinga chotchedwa CBT. Ndikufuna njinga yokulirapo yoti ndizitha kuyenda nayo mumsewu waukulu, koma sindinagwirepo klachi. Kodi ndingakayesedwe mayeso a layisensi pa njinga ya otomatiki?

YANKHO: Mayi, n'zotheka ndithu, koma dziwani kuti ku Britain mukakhoza mayeso pa njinga ya otomatiki, layisensi yanu imalembedwa kuti ndi ya njinga za otomatiki zokha, ndipo tsiku lomwe mudzafune ya magiya a phazi mudzayenera kukayesedwanso. Layisensi ya A2, yomwe munthu amatenga kuyambira zaka 19, imalola njinga zosaposa mphamvu ya 35 kW, pamene ya A, yomwe wazaka 24 kapena kuposerapo angaitenge mwachindunji, ilibe malire. NC750X ya 2021 ili ndi mphamvu ya 43 kW, koma ilipo yochepetsedwa kufika pa 35 kW kuti ikwanire pa A2. Popeza CBT imatha pakapita zaka ziwiri ndipo sikulolani kulowa mu motorway, msewu waukulu womwe mukufunawo, kapena kunyamula munthu, kutenga layisensi yonse ndi nzeru. Maganizo anga ndi akuti ngati manja anu alibe vuto, phunzirani klachi ndipo mukayesedwe pa njinga ya magiya, kenako mudzagule ya otomatiki mwa kufuna kwanu. Kuphunzirako kumatenga masiku ochepa kwa munthu amene msewu akuudziwa kale ngati inu, ndipo kumakutsegulirani msika wonse wa njinga zogwiritsidwapo kale ntchito, momwe za otomatiki ndi zochepa. Koma ngati dzanja lamanzere limakuvutani, musadzikakamize. Chinthu chimodzi choti muchenjere nacho n'chakuti pa sikuta yanu buleki yakumbuyo ili ku dzanja lamanzere, pamene pa NC750X ili ku phazi lamanja, ndipo pa ngozi thupi limathamangira chomwe linazolowera. Honda X-ADV ndi Forza 750, zomwe zili ndi injini ndi DCT ya banja lomweli, mabuleki ake onse ali kumanja ndi kumanzere kwa chiwongolero monga sikuta, choncho mwina n'zimene zingakukhaleni msanga.

FUNSO: A Mkonzi, ndili ku Lilongwe ndipo ndaona pa intaneti Honda NC700X ya DCT yogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, pa mtengo wabwino. Ndimayenda pakati pa Area 25 ndi Old Town, ndipo nthawi zina ndimapita kunyanja kudzera ku Golomoti. Kodi pamtsetse ngati umene uja njinga ya otomatiki siingandithawe?

YANKHO: Achimwene, pamtsetse musaope. Sikuta ya lamba ndi imene imatha kumasuka liwiro likatsika kwambiri, koma DCT imakhalabe mu giya, ndipo injini imathandiza kugwira njinga monga pa ina iliyonse. Potsika mtsetse wa Khwekhwerere wopita ku Golomotiwo musaisiye pa D, chifukwa idzasankha giya yapamwamba ndipo mudzatenthetsa mabuleki. Ikani pa manyuwo, mutsitse kufika giya yachiwiri kapena yachitatu musanalowe pakona, ndipo izikhala momwemo mpaka mutatuluka. Chimene ndikuchiopa ine ndi zaka za njingayo. NC700X inapangidwa kuyambira 2012, choncho yomwe mwaionayo iyenera kuti yakhalitsa, ndipo pa chithunzi simungaone ngati magiya akulowa bwino. Musanatumize ndalama, pemphani kanema woonetsa injini ikulira kuchokera pozizira, batani likudinidwa kuchoka pa N kupita pa D, ndi nambala ya giya ikuoneka bwino popanda kamzere kothwanima. Yendani m'magalaja a mu Lilongwe mufunse ngati alipo amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya njinga za Honda, ndipo ngati simumupeza, mtengo wabwinowo usakukopeni. Mukampeza, itanitsani njingayo pamodzi ndi mafyuluta onse awiri a oyilo, mapadi a mabuleki ndi batire latsopano, ndipo pa mtengowo muwonjezere msonkho wa MRA ndi ndalama zolembetsera ku Road Traffic, komwe mukaonetsetsenso kuti layisensi yanu ikukulolani kukwera njinga yoposa 125cc.